Munkoyo Umene Sitinakamwe

Njinga ya akulu anga ili chipachikire kudenga la khitchini kwathu ku Rufunsa. Matayala ake anaphwa kalekale, ndipo mavu anamanga chisa pansi pa chishalo. Ndikapita kumudzi sindikonda kulowa m'khitchinimo, chifukwa amene anaipachikitsa ndine, ndi nzeru zanga za pafoni.

Akulu angawo ndi amene anandilera bambo atamwalira. Zaka zonse zimene ine ndinali pa sukulu, iwo ankawotcha makala kuseri kwa mapiri, mbali ya ku Shikabeta, n'kumawatutira ku msewu waukulu pa njinga yakuda imeneyo. Pokwera ankakankha. Potsika ankamangirira nthambi yaikulu kumbuyo kuti izikhwekhwereza pansi, poti mabuleki okha sangagwire matumba anayi. Utsi wa makalawo unawasiyira chifuwa. Koma osayerekeza kuwauza kuti akudwala, yankho lawo ndi limodzi chaka chonse: ndi chimfine.

Ine ndinapeza ntchito ku Lusaka, mimba n'kuyamba kunditsogolera. Adokotala atandiopseza, ndinagula njinga ya magiya, ya matayala okhuthala, ndi kulowa m'kagulu ka anzanga a kuntchito opalasa Loweruka lililonse. Munthu wokulira pa keliyala ya njinga ya makala, ndinayamba kuvala chisoti ndi kabudula wothina. Akulu anga ataona chithunzi changa anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo kuyambira pamenepo ankanditchula kuti bwana, mondinyogodola.

M'kagulu kathu munali anyamata awiri amphamvu, amene ankadandaula kuti misewu ya mu Lusaka ndi ya ana. Munalinso mayi wina wa pamalo olandirira alendo, amene anaphunzira kupalasa ali wamkulu kale, moti akaona mbuzi kutsogolo ankaponda pansi ndi miyendo yonse. Pakamwa panga ndi pamene panandipachika. Ndinadzitama kuti kwathu kuli mapiri enieni, ndipo onse anati tikawaone.

Ndinaimbira akulu anga.

"Akulu, tibwera ndi anzanga kudzapalasa njinga m'mapiri. Mudzatitsogolera?"

"Kupita kwa ndani?" anafunsa.

"Kwa munthu ayi. Kungopalasa chabe."

"Munthu sakwera phiri opanda nyumba yokafikira, bwana," anatero akuseka. "Chabwino, ndamva. Mubwere."

Nanenso ndinaseka, foni n'kudula. Mawu amenewo ndinawatenga ngati nthabwala.

Kwa masabata awiri tinkakangana pa gulu lathu la pafoni za kumene tipite. Ndinatsegula mapu n'kupeza njira ziwiri. Ina inali ya anthu a makala ija, yodutsa paphiri, ya miyala ndi mitsinje youma. Ina inali yafulati, msewu wafumbi wodutsa m'minda ya chimanga kulowera ku Mpanshya. Anyamata ankafuna ya kuphiri. Mayi aja ankangofunsa ngati kuli zotsetsereka zoopsa. Ndili mkati moganiza, alamu anga, akazi awo a akulu anga, anandiimbira kunditsina khutu kuti mwezi umenewo amuna awo akhala akutsokomola kwambiri, ndisakawathamangitse. Ndinachita mantha. Ndinaona m'maganizo akulu anga atagwa pachikweza, anthu a ku Lusaka atawazinga ndi mabotolo a madzi. Ndinasankha njira yafulati, anzanga n'kuwauza kuti ndi chifukwa cha mayi aja. Mwini mapiri, amene amadziwa mwala uliwonse wa njira zonse ziwiri, sindinamufunse kanthu. Paja amati safunsa anadya phula.

Tinafika Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, njinga zili kumbuyo kwa galimoto. Tinapeza akulu anga ali okonzeka kale. Njinga yawo anali ataitsuka, tcheni atachithira mafuta, chubu chakumbuyo atagula chatsopano. Anavala malaya oyera aja a ku tchalitchi ndi nsapato zopolisha. Pa keliyala anamangirira kamtolo m'chitenje, ndipo ndinaona kuti muli shuga, sopo ndi mchere. Ndinadabwa pang'ono kuti munthu wopita kukatuluka thukuta avalirenji malaya oyera, koma ndinali wotanganidwa ndi kutsitsa njinga.

Malonje atatha, ndinaima pansi pa mtengo wa mango, foni ili m'manja, n'kulengeza.

"Tipita njira ya ku Mpanshya. Ya kuphiri ija ni yovuta kwa amayi aba."

"Ah, ine musaniganizile maningi," anatero mayi aja m'kayankhulidwe ka ku Lusaka. "Pakavuta ningaseluke pa njinga, nikankhe chabe."

"Manje tabwelela chani ngati sitikwela phili?" anafunsa mmodzi wa anyamata aja.

Ndinaumirira kuti ndalinganiza kale. Poyankhulapo, maso anga anatsetserekera pachifuwa cha akulu anga. Kanali kanthawi kochepa, koma iwo anandiona. Anayang'ana foni, anayang'ana ine, kenako anakonza lamba wa kamtolo kaja ngakhale kuti sanamasuke.

"Alendo ndi anu, bwana," anatero. "Tiyeni."

Aka kanali koyamba kunditchula bwana osaseka. Kwathu munthu satsutsana ndi m'bale wake alendo ali pomwepo, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo. Mwina n'chifukwa chake ndinalengeza pagulu, osati kuseri kwa nyumba. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Ulendowo unali wosakoma. Fumbi, mapesi ouma, dzuwa, basi. Anyamata anathamanga kutsogolo, n'kumakatidikira pamthunzi nkhope zili gwa. Mayi aja anapalasa bwinobwino, sanagwe ngakhale kamodzi. Akulu anga, amene ndinawapempha kuti atitsogolere, anali kumbuyo kwenikweni, poti wotsogolera anali foni. Tikudutsa pamphambano pamene kanjira ka kuphiri kamapatukira, anachepetsa liwiro n'kuyang'ana kumeneko nthawi yaitali. Ine ndinati atopa, ndipo ndinadziyamikira mumtima kuti ndasankha bwino.

Tinabwerera pakhomo dzuwa litangopendeka. Anzanga anagona pamkeka pansi pa mango, ine ndinapita kukasamba kumaso. Pobwera ndinaona kuti njinga yakuda ija palibe. Ndinafunsa alamu.

"Apita kwa azakhali," anatero. "Kodi sanakuuzeni? Sabata yatha anatuma munthu kukanena kuti mukubwera ndi alendo a ku Lusaka. Azakhali aphika thobwa la munkoyo, nkhuku ziwiri aphetsa, bwalo asesetsa. Akudikira chiyambire m'mawa."

Azakhali amenewa anali alongo awo a bambo, omaliza mwa akuluakulu a pabanja pathu. Ankakhala kuseri kwa phiri lomwelo, kumene foni sigwira, ndipo maso awo anali atachita khungu. Ine ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi osawaona. Apa m'pamene ndinamvetsa malaya oyera aja ndi shuga uja. Kwa akulu anga, ulendo wopita kuphiri unali ulendo wopita kwa azakhali, panalibenso china.

"Nanga bwanji simunawaletse?" ndinafunsa. "Dzuwa ili?"

"Alamu, anthu akuphereni nkhuku inu n'kungokhala phee? Apita kukapepesa."

Ndinakwera njinga yanga n'kuwatsatira. Magiya onse aja sanandithandize kanthu. Chikweza choyamba chomwe ndinatsika n'kuyamba kukankha, mtima ukugunda m'makutu. Ndinawapeza pakati pa phiri atakhala pamwala, njinga atayigoneka pambali. Malaya oyera aja anali atamatirira kumsana, ndipo mpweya wawo unkalira ngati pampu yobooka.

"Akulu, tiyeni tibwerere. Tidzapita tsiku lina."

Anandiyang'ana mpaka mpweya utabwerera.

"Wakwera kapena wakankha?" anandifunsa.

"Ndakankha."

"Phiri ili palibe amene amakwera. Tonse timakankha. Ukanandifunsa ndikanakuuza. Anyamata ako aja akanakankha, amayi aja akanakankha, ine ndikanakankha, m'mawa kusanatenthe. Ndani akanaoneka wofooka?"

Ndinati ndiwanyamulire kamtolo, anakana. Ndinati ndipite nawo limodzi, anapukusa mutu.

"Alendo ako wawasiya ndi ndani? Bwerera. Mlendo ndi mame."

Ndikanatha kuwakanira. Galimoto ikanayendetsedwa ndi mmodzi wa anyamata aja, kapena anzanga akanagona pakhomo. Koma makiyi anali m'thumba langa, ndipo ndinawagwiritsa ntchito ngati chifukwa, poti ndinkaopa kukaima pamaso pa azakhali. Ndinatembenuza njinga n'kutsika. Nditayang'ana kumbuyo, iwo anali atadzutsa yawo, mutu ataweramitsa, akukankha okha phiri limene ndinati ndiwapulumutseko.

Anakafika. Anagona komweko masiku atatu, ndipo pobwerera anatsika atagona m'ngolo ya ng'ombe, njinga ili pambali pawo. Anakhala masabata awiri m'chipatala cha mishoni. Atatuluka, alamu anapachika njinga ija kudenga. Azakhali anamwalira dzinja lomwelo, ine ndisanapite. Tsiku la maliro awo m'pamene ndinakwera phirilo mpaka pamwamba, wapansi, m'matope.

Kuntchito mayi aja amandithokozabe kuti ndinawaganizira posankha njira, ndipo ine ndimangogwedeza mutu. Anyamata aja anapeza mapiri ena, sandiitananso.

Akulu anga alipo. Amakhala pakhonde n'kumakonza makasu ndi zidebe za anthu, ndipo akadzuka kupita kuseri kwa nyumba amapumira panjira. Sanandikalipirepo za tsiku lija, ndipo bola akanandikalipira. Chaka chatha ndinawagulira matayala atsopano ndi tcheni. Ndinalowa m'khitchini, ndinakwera pampando kuti nditsitse njinga ija, ndikuganiza kuti mwina angamapite nayo pafupipafupi, ngakhale pamsika pokha. Anandipeza nditagwira kale chingwe.

"Isiyeni, bwana," anatero ali pakhomo. "Ndipite nayo kwa ndani?"