Kompyuta Yatengera Maso a Zaleha

Zaleha binti Mat Isa anali mayi waphokoso. Akamawoloka mlatho wa Penang pa njinga yake yamoto, ankaimba mokweza ngati msewu ndi wa bambo ake. Koma akangovala zovala zoyera za m'fakitale ya ku Bayan Lepas, pakamwa pankatseka, maso okha n'kumagwira ntchito.

Ntchito yake inali yoyang'ana pa maikulosikopu nsonga za tizipangizo totumiza mauthenga ndi kuwala kodutsa mu ulusi wa galasi. Ulusiwo ndi woonda ngati tsitsi, ndipo ukangokandika pang'ono kunsonga, kuwala kumafera pomwepo. Analowa ntchitoyi ali mtsikana, ana ake atatu analeredwa ndi maso amenewo. Tsopano masowo anali atayamba kumukana. Sanauze munthu, ngakhale mwamuna wake. Anangopeza kanzeru: akakayikira kachipangizo, ankapendeketsa nyali kuti iwale chammbali, pokandikapo n'kuonekera.

Ndiye bwana atanena kuti akufuna munthu wophunzitsa kompyuta kusiyanitsa zabwino ndi zowonongeka, Zaleha anakweza dzanja mpaka kutsala pang'ono kugwa pampando. Kompyuta ikaphunzira, iye adzakhala woiyang'anira pa sikirini yaikulu. Ikalephera, abwerera ku maikulosikopu, ndipo dokotala woyeza maso chaka chilichonse adzamutumiza kunyumba.

Anamupatsa injiniya wina, Siew Fong, mtsikana wowonda wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Zaleha ankajambula nsonga iliyonse n'kuuza kompyuta kuti iyi ndi yabwino, iyi ayi. Anajambula mpaka khosi kuuma, koma mtima uli m'mwamba. Kompyutayo ankaitcha mwana wake wachinayi, ndipo poiyesa ndi zithunzi zakezo sinkaphonya.

"Mwana wanga ndi wanzeru, watengera mayi ake!" ankatero akudya mpunga wa nasi kandar masana.

"Achemwali, dikirani alowe kaye pa mzere, musayambe kuvina," ankayankha Siew Fong.

Tsiku loyesa pa mzere weniweni linafika, bwana ataima kumbuyo kwawo manja ali kumsana. Kamera ya pamzerepo inali ndi nyali yomangiriridwa, yowala molunjika. Siew Fong anasakanizamo tizipangizo tina tomwe anatikanda dala. Kompyuta inati choyamba ndi chabwino, chachiwiri chabwino, tokandika tija tonse tabwinonso! Bwana anangotsokomola, n'kunena kuti adzabweranso Lachisanu, komaliza.

"Mwana wanu uja wapenga," anatero Siew Fong bwana atachoka. Anaika zithunzi zophunzitsira zija pa sikirini, zabwino kumanzere, zoipa kumanja. "Taonani. Zoipa zonse zili ndi mthunzi mbali imodzi. Kompyuta sinaphunzire kukandika ayi, yaphunzira mthunzi. Mthunzi umenewu ukuchokera kuti?"

Zaleha anayang'anitsitsa zithunzi zake zija. Akanatha kunamizira kamera, koma mwanayo akanangokhala wakhungu, Lachisanu n'kudzagwera limodzi.

"Ndine," anatero. "Ndimapendeketsa nyali. Maso anga atha, iwe. Popanda kutero sindiona kanthu."

Anadikira kuti mtsikanayo athamangire kwa bwana. Koma Siew Fong anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ha, watengeradi mayi ake! Achemwali, pepala la mndandanda wa zakudya kodyera masana kuja mumaligwira kutali ngati likununkha, mumati sindiona? Nanga sikirini yaikuluyi ndinaitanitsira ndani? Koma za nyalizi mwandipha nazo. Tiyeni tijambulenso zonse, nyali musaikhudze, ndikudulani dzanja!"

Anayambiranso, ndipo ntchito inali yosayamba. Tsopano kamera ya pamzere ndi imene inkajambula, chithunzi n'kubwera pa sikirini chitakula ngati mbale. Apo Zaleha anaona zimene anali atazisowa kalekale: kukandika kooneka bwinobwino ngati mng'alu wa pakhoma, popanda kutsinzina diso, popanda kukhudza nyali. Anasangalala mpaka misozi kunyowetsa chophimba kukamwa.

Lachisanu bwana anaimanso pamalo pake paja. Tizipangizo tinayamba kudutsa. Chabwino, chabwino, chabwino. Zaleha mtima unali phaphapha, chifukwa umu ndi momwe zinayambiranso tsiku lija. Kenako pa sikirini panabwera nsonga ina, iye n'kuona kamzere koonda kumphepete kwake. Asanatsegule pakamwa, kompyuta inazunguliza kamzereko ndi chofiira, n'kukankhira kachipangizoko pambali.

M'chipinda chimene anthu amanong'onezana, Zaleha anakuwa ndi mawu ake a pa mlatho aja.

"Waona! Mwana wanga waona! Ndipo bwana, inenso ndinakaona!"