Chiliza cha ku Bédarieux

Belu la tchalitchi litalira 8 koloko m'mawa, mayi Fernande Cabrol anali atagwada kale pachiliza cha makolo awo ku Clermont, akupala ndere ndi bulashi. Madzi a m'ndowa ankaluma zala. Linali Lachitatu lomaliza la Okutobala, tsiku la Oyera Mtima Onse litayandikira.

Kwa zaka makumi atatu, ntchito ya sabata imeneyi inali yawo. Ankanyamuka kwawo ku Lodève pabasi n'kumatsata masiku a msika: Lachitatu ku Clermont, Loweruka ku Pézenas, Lolemba ku Bédarieux. Kulikonse ankagula maluwa a krizantemu, amene amaikidwa pamanda pokha, n'kutsuka ziliza, kenako n'kukaona abale. Patsiku lenilenilo abalewo ankafika atatchena, n'kupeza miyala ikuwala. Palibe ankafunsa kuti maondo anatupira pamenepo ndi a ndani.

Chaka chino anali ndi pempho. Dokotala wa maso anali atawauza kuti pofika chaka chamawa sadzathanso kuwerenga nambala ya basi. Za makolo sanade nazo nkhawa, adzukulu analipo ambiri. Koma ku Bédarieux kunagona Odile, mwana wawo yekhayo, amene anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo ake a mwanayo anakwatira kwina kalekale. Ndipo manda akakhala zaka osasamalidwa, a khonsolo amazikapo kachikwangwani. Pakapanda wobwera, amafukula mafupa, malowo n'kupatsa ena.

Atachoka kumanda anapita kumsika, kumene Coralie, mwana wa achimwene awo, ankagulitsa tchizi.

"Azakhali, mwaonda," anatero Coralie. "Mwapeza chibwenzi chovuta kapena?"

"Chibwenzi changa ndi bulashiyi."

"Imeneyo siingakuthaweni. Tandikulungireniko aka, taonani mzerewu."

Mayi Fernande anakulunga tchizi mpaka masana. Anthu atatha, ananena za Odile. Coralie anapukuta mpeni nthawi yaitali.

"Ku Bédarieux? Azakhali, ine pano sindichoka, ngakhale Lamulungu. Funsani amayi. Galimoto ali nayo."

Anawaponyera tchizi awiri m'chikwama, n'kuwapsompsona m'masaya.

Loweruka ku Pézenas mvula inayamba atangogula mphika waukulu wa maluwa achikasu. Zaka zonse ankayamba kaye akasiya maluwa kumanda. Tsikuli msewu unkaoneka ngati utsi, ndiye anakhotera kunyumba ya achimwene awo, a Aimé, amene anali atagona miyezi iwiri ndi matenda a m'mapapo. Pokwera masitepe ankakonza mawu oti akauze alamu awo, a Ginette, mayi ake a Coralie. Mtima uli pamawuwo, anakankha chitseko cha wodwalayo mphika uli pachifuwa.

A Ginette anaima ndi supuni m'manja.

"Alamu, zimenezi mwabweretsera ndani? Munthuyu akupuma."

Pamenepo m'pamene mayi Fernande anayang'ana zimene ananyamula.

A Aimé anayesa kuseka, chifuwa n'kuwadula. "Wafulumira, Fernande. Ukanandisiya ndidye Khirisimasi."

"Pepani achimwene, ndi mvulayi. Ndi a agogo awa."

"Agogo ankadana ndi achikasu," anatero a Aimé. Koma maso awo anakhala pamaluwapo, kenako anatembenukira kukhoma.

A Ginette analanda mphikawo, kutsika nawo, kukauika panja pamvula. Pobwera anasamba m'manja ndi sopo.

Mayi Fernande anakhala masiku awiri m'nyumbamo. Anasenda mbatata, anasita nsalu za pabedi, anakolopa kubafa. Anaona kuti a Ginette ankadya chiimire, ndipo kuti msana wawo unali utapindika ndi kunyamula mwamuna. Ngakhale zamaluwa zija zikanapanda kuchitika, munthu wotereyu akanamusenzetsa bwanji manda ena? Dzina la Odile silinatuluke. Potsanzikana, a Ginette anangopereka tsaya limodzi.

Lolemba ku Bédarieux anagula maluwa oyera, kamphika kakang'ono. Chiliza cha Odile sichinkatenga nthawi. Ndowa imodzi inkakwana. Zilembo za pamwalapo sankazionanso bwino, ndiye anazitsuka motsatira ndi chala, chimodzichimodzi. Podzuka anaona kachikwangwani koyera pamanda ena, mizere iwiri kutsogolo. Sanathe kukawerenga, komabe ankadziwa zimene kankanena. Anazula udzu pamanda achilendowo mpaka nthawi ya basi inakwana.

Anafika ku Lodève dzuwa lisanalowe. Pakhonde anapeza mayi Zohra Meziane, a nyumba yoyang'anana ndi yawo, akuanula zovala. Mayiwa anagwira ntchito yoluka makapeti moyo wawo wonse, anali Msilamu, ndipo kumanda a Akhristu anali asanalowemo.

"Mwabwerako, aneba? Akufa anu ali bwanji?"

"Ali bwino kuposa amoyo."

"Nanga amoyowo akupatsani chiyani chaka chino? Tchizi yemwe uja?"

"Awiri. Mmodzi ndi wanu."

Mayi Zohra anawayang'ana kumaso, n'kuika dengu pansi. Mayi Fernande anagwira nsonga ya nsalu ya pabedi, awiriwo n'kuyamba kuipinda. Anafotokoza za maso, za kachikwangwani, ndi za Odile, amene mnzawoyo ankangomudziwa pachithunzi cha pakhoma.

"Ndikudziwa kuti si mwambo wanu," anatero mayi Fernande. "Kupemphera ayi, sindikukupemphani zimenezo. Chaka chamawa mudzandiperekeze, mudzandiwerengere nambala ya basi, ndidzakuonetseni malowo. Ndi mzere wachinayi kuchokera pampopi. Ndikadzalephereratu, muzidzapitako kamodzi pachaka, anthu aziona kuti pali mwini wake. Maluwa akhale oyera. Koma bulashi yawaya musadzagwiritse, aneba, mwalawo ndi wofewa."