Tsiku limene ndinasolola amalume m'chimbudzi

Ndikukumbukira dzinja lina kwathu kwa Kanduku, zaka zochepa chiyambireni matipate, ndili Sitandade 4. Mvula inagwa sabata yathunthu, ndipo chimbudzi chathu chokumba chinayamba kuopsa. Mitengo yoyala pansi inali itawola, moti ukapondapo dothi linkanyenyeka n'kumamveka likugwera m'madzi pansi penipeni. Ine ndinkalowamo mtima uli m'mwamba, ndikuponda m'mbalimbali. Mphutsi nazo zinkakwera mpaka pakamwa pa dzenje, zoyera, zonenepa ngati pali amene akuziweta.

Bambo anga sanali munthu woitana mmisiri. Anakadula okha mitengo ya muwanga kuphiri, kuchotsa yowola ija, kuyala yatsopano, kuthira dothi ndi kutsendera. Anatha masiku atatu ali pa ntchitoyo, amayi n'kuzira pansi mpaka kusalala. Chinatsala ndi mphutsi ndi fungo. Kwathu anthu ankathiramo phulusa kapena palafini, koma tsikulo palafini anali atatha. Oyandikana nafe, a Zuze, amene anathawa nkhondo ku Mozambiki osabwereranso, ankagulitsa petulo wa m'zigubu wochokera kumalire. Iwo ndiwo anauza bambo kuti petulo amapha msanga. Bambo anathira mabotolo awiri m'dzenjemo, n'kutseka pabowo ndi thabwa kuti mphutsi zitsamwe.

"Esinati, ndikukatenga luzi lomangira denga," anandiuza. "Munthu asalowemo ndi moto. Wamva?"

Ndinavomera. Amayi anali kuchigayo, pakhomo ndinatsala ndekha, ndipo sindinkayembekezera munthu aliyense.

Dzuwa lili paliwombo kunatulukira amalume a Bizweki pa njinga kuchokera ku Thambani. Amenewa anali achimwene awo a amayi, eni mbumba, munthu woti akatsokomola pabwalo ngakhale bambo ankakonza kakhalidwe. Ndinawalandira njinga, kuwapatsa mpando ndi madzi, n'kuwalonjera nditagwada. Za chimbudzi sindinatchule. Mwana ungayambe bwanji nkhani yoteroyo ndi amalume?

Tinaleredwa kuti wamkulu akamapita kuseri, iwe mwana sunamuone. Umayang'ana pansi kapena kupeza chochita. Kumuyankhula ali m'menemo kunali ngati kumutukwana. Ine ndinali nditalawapo kale mkwapulo chifukwa chofunsa mlendo wina mokweza kuti, "Mukupita kuchimbudzi?" Phunzirolo linandilowa mpaka m'mafupa.

Ndiye amalume anadzuka. Anadziwongola, n'kuzungulira nyumba, ndudu ya chingambwe ili kukhutu, machesi akulira tchekeretche m'thumba la jekete. Pakhomo tonse tinkadziwa kuti iwo salowa m'chimbudzi osayatsa fodya. Ankati utsi umathamangitsa ntchentche.

Ndinaima pakona ya nyumba ndikuwaona akukankha chiguduli chotchinga pakhomo, n'kulowa. Ndinkaopa zinthu ziwiri nthawi imodzi: amalume kupsa, ndi ine kukwapulidwa. Ndikunena mwamanyazi kuti kwa kanthawi mantha a mkwapulo ndiwo anakula. Ndinayesa kutsokomola, monga amachitira akuluakulu, koma kunangotuluka kamawu ka mwanapiye. Ndinamva akuchotsa thabwa lija pabowo. Fungo la petulo linandipeza pomwe ndinaimapo, lakuthwa, lolasa m'mphuno. Iwo anangong'ung'udza kuti, "Aa, koma a Zuze ndi zigubu zawozi."

Kenaka ndinamva khwee! Machesi anali atanyowa ndi chinyezi cha m'njira, sanayake. Bokosi linaliranso, akusankha kamtengo kena.

Sindikudziwa mmene ndinafikira. Ndinangozindikira ndili m'katimo, nditagwira jekete lawo ndi manja awiri, ndikukoka chafutambuyo ndikukuwa, "Amalume tulukani! Mupsa! Tulukani!" Chiguduli chinathothoka, tonse tinagwera m'matope panja, machesi mbwee. Mwayi wake lamba anali asanamasule.

Khofi limene ndinalandira ndimalimvabe m'khutu lakumanzereli. "Mwana wopanda mwambo iwe! Amako ndi zimene akukuphunzitsa?" Ndinkafuna kufotokoza koma ndinkangolira. Mawu okha amene ankatuluka anali akuti petulo, petulo.

Bambo anafika luzi lili paphewa, a Zuze nawo atabwera atamva kukuwa. Bambo anafotokoza zonse modzichepetsa, koma amalume sanafune kumva. "Alamu, petulo wathiridwa m'mawa, m'madzi, angayake pano? Mukungomuikira kumbuyo mwanayu." Anatola nsungwi yaitali yokolowolera mango, kumangirira udzu wouma kunsonga, kuyatsa pa moto wa kukhitchini, n'kuilozetsa pakhomo pa chimbudzi ataima patali. Bambo anawaletsa kawiri. Kachitatu sakanatha, anali mkamwini.

Moto sunafike n'komwe pabowo. Kunamveka phuu! Pansi panagwedezeka, denga linanyamuka lonse n'kugwera m'chimanga likuyaka, ndipo mphepo yotentha inandiwomba kumaso. Nkhuku zinabalalika. A Zuze anadzigwetsa chafufumimba, manja kumutu, ndipo anakhalitsa pansipo ngakhale zonse zitatha. Palibe anawaseka. Mitengo ya muwanga ija inali itagwera m'dzenje, ntchito ya masiku atatu yatha. Zimene zinatigwera pa zovala sindizitchula.

Amalume anakhala pansi m'matope momwemo, nsidze zitawauka, nsungwi ikadali m'manja. Anayang'ana pamene anaima poyamba paja, kenaka anayang'ana ine. Usiku umenewo ndinagona ndikumvabe bokosi lija likulira kachiwiri.

Lero ndimakhala pa boma pa Mwanza. Chimbudzi n'chamadzi, chikadontha ndimaitana pulambala, ndipo ndimaphikira gasi. Ana anga amandiseka kuti mphuno yanga ndi yaulonda. Silinda yatsopano ikabwera ndimapaka thovu la sopo polumikizira paipi kuti ndione ngati pakutuluka mpweya. Ndikangomva kafungo ndimatseka silinda, kutsegula mawindo, osayatsa kanthu, ngakhale getsi. Mwambo ndimawaphunzitsa ndithu, kugwada ndi kulonjera, koma ndinawauzanso kuti fungo la gasi likamveka akuwe, kaya pakhomo pali abusa, kaya apongozi.

Amalume sanandipepese mpaka kumwalira kwawo. Akuluakulu a nthawi imeneyo sankapepesa mwana. Koma kuyambira tsiku lija, akabwera kwathu n'kufuna kupita kuseri, ankayamba aima pamaso panga, kutulutsa machesi m'thumba, n'kundiikira m'manja. Ine ndinkalandira ndi manja awiri, ndikuyang'ana pansi ngati sindinawaone.