Mwana amene sindinamugunde

Zinayamba nthawi yokolola chimanga chaka chatha. Ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Namitete, ndipo tsiku limenelo ndinanyamula mayi wina ndi thumba lake la mtedza. Tikudutsa pafupi ndi sukulu ya pulayimale, ana akuweruka, tayala lakumbuyo linadumpha pa kanthu. Unali mwala chabe. Koma nditayenda pang'ono, mumtima munabwera funso: nanga ngati unali mwendo wa mwana?

Nditawatsitsa mayiwo ndinabwerera. Pamalopo panalibe magazi, panalibenso anthu osonkhana. Mtima unakhala pansi, koma osati kwa nthawi yaitali. Ndisanafike pa siteji yathu ya kabaza maganizo anati mwina mwanayo amunyamula kale. Ndinabwereranso.

Kuyambira pamenepo, dzenje lililonse mumsewu linasanduka mwana. Njinga ikangogwedezeka, mtima unkagunda kwambiri, m'manja thukuta. Ndinkaima n'kuyang'ana matayala ngati ali ndi magazi. Madzulo ndinkatchera khutu pa wailesi kuti ndimve za ngozi. Kwathu kuno, ukagunda mwana n'kuthawa, anthu ena sadikira apolisi. Choncho ndikaona anthu atasonkhana pansi pa mtengo, ndinkati akukambirana za ine.

Tsiku lina ndinatembenuza njinga munthu ali pambuyo. Anali bambo wachikulire wopita ku Nsaru. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Kodi achimwene, tikubwereranso kuti? Ndatsika, musandiphe." Nkhani inafala. Anzanga pa siteji anayamba kunena kuti ndayamba chamba.

Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti ndinkadziwa kuti sindinagunde munthu. Ndinkadziwa ndithu. Koma kudziwako kunalibe mphamvu, ndipo ndinaganiza kuti misala imayamba chonchi. Mkazi wanga, amake Tadala, ndinkawafunsa tsiku lililonse ngati amva za mwana wogundidwa. Akati ayi, ndinkapuma pang'ono, kenako n'kufunsanso. Anapita nane kumapemphero. Amayi anga anati alipo wina pa siteji amene wandichita chipongwe. Chakudya chinasiya kulowa, mathalauza anayamba kukhwepa, ndipo pofika mu Julaye njinga ndinaitsekera m'nyumba.

Ngakhale nditasiya kuyendetsa, maganizo sanasiye. Ndinayamba kupita wapansi kuchipatala cha mishoni kukafunsa ku wodi ya ana ngati analandirapo mwana wogundidwa ndi njinga yamoto. Ndinapitako kangapo. Tsiku lina namwino wina wachikulire ananditengera pambali.

"Bambo, ndakhala ndikukuonani mukufunsa za mwana yemweyu. Kodi munamuona ndi maso anu?"

Ndinati ayi.

"Alipo anakuuzani kuti mwagunda munthu?"

Ndinatinso ayi, ndipo ndinayamba kulira pamaso pa anthu.

"Ndiye wofunika thandizo ndinu. Khalani apa kaye."

Anandiuza tsiku limene amaona odwala matenda a maganizo. Ndinapita ndi amake Tadala. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Anandiyeza sikelo ndi kuthamanga kwa magazi. Nthawi yonseyo ndinkayang'ana kuchipata, poganiza kuti ndikangofotokoza, mwina andipereka kupolisi kapena andimanga manja n'kunditumiza kuchipatala cha amisala.

Adokotala anamvetsera osandidula. Kenako anati, "Matendawa timawadziwa. Pachingerezi amati OCD. Maganizo oopsa amabwera okha, inu osawafuna, ndipo amakukakamizani kuchita chinthu mobwerezabwereza kuti mantha atsike. Ena amasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, ena amabwerera kukaona loko wa chitseko. Inu mumabwerera pamsewu. Koma mukabwerera, matendawa mumawapatsa mphamvu."

Anandipatsa mapiritsi omwa m'mawa uliwonse, n'kundichenjeza kuti amachedwa kugwira ntchito. Masiku oyambirira ndinkamva nseru ndi mutu, ndipo mantha anali pomwepo. Ndinafuna kusiya, koma amake Tadala ankandiimirira ndi kapu ya madzi mpaka ndimeze.

Chovuta kuposa mapiritsi chinali ntchito imene adokotala anandipatsa. Anati nditulutse njinga, ndiyende pamsewu wa mabampu, ndipo ikagwedezeka ndisabwerere. Adokotalawo anauzanso amake Tadala kuti ndikafunsa za mwana uja asamandiyankhe. Alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, ndiwo ankakhala kumbuyo. Ulendo woyamba ndinafika kunyumba malaya ali chinyontho ndi thukuta, ndipo ndinasanza kuseri kwa khola. Ndinawapempha alamuwo kuti tingobwerera kamodzi kokha. Iwo anachotsa kiyi n'kuika m'thumba. Ndinakhala pakhonde ndikudikira anthu obwera ndi zibonga. Sikunabwere munthu. Pofika madzulo mantha anali atatsika okha, ine osapita kukaona.

Tinachita zimenezi mobwerezabwereza, ndipo mwezi uliwonse ndinkapita kukaonana ndi adokotala. Mvula yoyamba ikugwa ndinayamba kuyenda ndekha maulendo afupiafupi. Panali sabata ina imene ndinabwereranso pamsewu kukaona ngati ndagunda mwana, ndipo ndinaganiza kuti zonse zapita pachabe. Adokotala anati zimachitika, tipitirize.

Pano ndili pa siteji ngati kale. Thupi labwerera, ndimadya, ndimagona. Mapiritsi ndikumwabe, ndipo sindidzasiya popanda mawu a adokotala. Maganizo aja amabwerabe nthawi zina, makamaka ndikatopa, koma sanditembenuzanso njinga.

Ngati muli ndi maganizo amene amabwerabwera n'kumakuchititsani zinthu zimene inu nomwe mukuona kuti n'zopanda nzeru, musadikire kuti muyambe mwaonda kapena kutaya ntchito. Pitani kuchipatala msanga, mukanene zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Ine ndinachedwa miyezi yambiri poopa kuti akamva zimene zili m'mutu mwanga andimanga. Adokotala atamva, sanadzidzimuke n'komwe. Anangondifunsa kuti zinayamba liti.