Chaka chimene a Glenys anagwira chiwongolero

Achemwali anga a Glenys Tranter anakankha zitseko za m'ngalande zaka pafupifupi makumi anayi, koma boti sanaliyendetsepo mpaka chaka chimene anamwalira. Ndikanena zimenezi anthu amati ndikuwasemera chinyau alamu anga a Wilf. Sindikuwasemera ayi. Pitani nokha pa ngalande iliyonse kwathu kuno nyengo yotentha mukaone: bambo ali chilili kumbuyo kwa boti, dzanja pa chiwongolero, kapu ya tiyi pambali, mayi ali kumtunda thukuta kamukamu, akukankha chimtengo cha chitseko ndi msana.

A Glenys anayamba kusoka zikwama zachikopa pa fakitale ina ku Walsall akadali mtsikana, ndipo anachokapo imvi zili mbuu. Zala zawo zinali zokakala moti akakusisita patsaya unkamva. Amuna awo a Wilf anali dalaivala wa basi. Mwana anali mmodzi yekha, Lorraine. Chaka chonse atatuwa ankakhala ngati alendo obwereka nyumba imodzi, wina akulowa wina akutuluka, chakudya chikudikira mu uvuni. Koma fakitale ikatseka mu Ogasiti ankabwereka boti lopapatiza la pa ngalande, lalitali kuposa basi koma m'kati moti anthu awiri sangadutsane osakhudzana. Ine poti sindinakwatiwe ankanditenga.

Anzawo a kufakitale ankapita ku Spain kukaothera dzuwa. A Glenys ankati kumeneko n'kukagona chabe, kugona amagonanso kwawo. Chimene ankalikondera boti n'chakuti mnzako sungamuthawe. Limayenda ngati munthu wapansi. Ukapsa mtima umatsika n'kuyenda m'kanjira ka m'mbali, koma pa mlatho wotsatira likupeza, ndipo wina akupatsa buledi wa nyama yankhumba yokazinga, mkangano n'kuthera pomwepo. Lorraine, mwana amene kunyumba ankangodzitsekera kuchipinda, pa boti ankakhala padenga tsiku lonse kuponyera abakha nyenyeswa. Ndi pa boti pokha pamene ndinawaonapo a Wilf akucheza ndi mwana wawo mpaka tiyi kuzizira.

Ntchito inali pa maloko. Ngalande ikafika pa chitunda, boti limalowa m'kakhola ka njerwa kotchedwa loko, zitseko n'kutsekedwa kumbuyo kwake, wina kumtunda n'kupukusa chitsulo kuti madzi alowe, botilo n'kukwera nawo. Kupukusa ndi kukankha zitseko inali ntchito ya a Glenys, ine wongothandizira. A Wilf pansi m'kholamo yawo inali kukuwa kuti pang'onopang'ono, madzi achuluka, mukufuna kundimiza kodi. Ndikawauza kuti alamu, takwerani kuno mulawe, ankati iwo ali ndi laisensi, ife tilibe. Laisensi ya basi pa ngalande, tamvani bodza lake! Ndikadandaula kwa achemwali ankangoti wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, n'kutola chitsulo chawo kuthamangira loko wotsatira. Kunena zoona, ntchitoyo ankaikonda. Pa loko ndi pamene ankakumana ndi amayi a maboti ena, onse atatsamira chimtengo podikira madzi, akudya miseche ya amuna awo amene anali pansi osamva kanthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. A Glenys atangopuma pa ntchito zaka zochepa, mtima unayamba kuwavuta. Pofika Meyi wa chaka chimenecho masitepe a m'nyumba mwawo ankakwera mopumira. Dokotala sanapsatire mawu: zonyamula ndi zokankha zatha, ndipo asamawerengere zaka zambiri kutsogoloku. A Wilf anati basi, za boti tiiwale. A Glenys anakanitsitsa. Lorraine anali atakwatiwa kutali ku Aberdeen, ndipo ana ake awiri anali asanapondepo m'boti. Chaka chimenecho anavomera kubwera nawo masiku awiri okha, pa sitima ya pamtunda, kudzatipeza pa tauni ya pamwamba pa chitunda. Achemwali ankafuna chinthu chimodzi asanafe, kuti zidzukulu zawo ziyende nawo pa madzi pakati pa minda ndi ng'ombe, monga anayendera mayi awo. Koma boti tinabwereka kumunsi, ndipo pakati pa ife ndi tauniyo panali maloko ambiri ondondozana.

A Wilf anawerengera ine. Iwo ayendetse monga mwa masiku onse, Beryl akankhe. Ine amene anali atanding'amba chiuno kuchipatala chaka chomwecho! Ndinayesa ndithu. Pa loko woyamba ndinaika msana pa chimtengo, ndinakankha mpaka m'maso munada, chitseko osasuntha n'komwe. Ndinabwerera m'boti ndikutsimphina.

Alamu anazimitsa injini. Anati timangirira boti pomwepo, Lorraine akwere takisi adzatipeze. Pamalopo panali makoma a mafakitale otsekedwa, m'madzi muli mabotolo ndi matayala. A Glenys ananyamuka. Analowa m'kati, anatuluka atavala nsapato zawo za pa loko, chitsulo chopukusira chili m'manja, n'kuyamba kukweza mwendo kuti atsike. A Wilf anawatsekera njira.

"Mayi, mukufuna kukafera pa chitseko?"

"Ndiye musankhe, bambo. Kaya nditsike ine, kaya mutsike inu. Anawa sadzandipeza nditakhala pa zinyalala ngati katundu."

Ndinawaona alamu akuyang'ana chiwongolero, kenaka akazi awo, kenaka ine, ngati ine ndi amene ndawakonzera chiwembu. Anayamba kunena kuti boti n'lovuta, ukakankhira kumanzere limapita kumanja. Achemwali anati akudziwa, akhala akuzimva zimenezo kuyambira Lorraine ali wa matewera. A Wilf analandira chitsulo chija n'kutsika. Anali bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wa mimba yake, amene chinthu cholemera kwambiri chimene ananyamulapo pa tchuthi chinali tambula ya mowa.

A Glenys analiza injini n'kulowetsa boti. Mphuno yake inagunda khoma, khuu, iwo n'kuseka ngati kamtsikana. Ine ndinakhala pambali pawo. Zitseko zitatsekedwa kumbuyo kwathu kunada, kunazizira, makoma ali ndere zokhazokha, madzi akudontha m'ming'alu. Kumwamba kunkaoneka kachigawo kochepa chabe. Achemwali anayang'ana uku ndi uku n'kunena motsitsa kuti ndiye muno n'chonchi, zaka zonsezi ankangoona pamutu pa a Wilf tsitsi likunka lithothoka.

Apo ndi pamene alamu anachita chimene anakhala akutikalipira moyo wawo wonse. Pofuna kuti zithe msanga, anapukusa mpaka kumapeto nthawi imodzi. Madzi analowa ngati mtsinje wosefukira. Boti linabwerera m'mbuyo, kenaka linathamangira kutsogolo n'kukamenya chitseko. M'kati makapu ndi mbale zinagwa phwaa. A Glenys anagwa chogwada, koma dzanja limodzi silinasiye chiwongolero. Nditawagwira ndinaona milomo yawo yasintha mtundu, mpweya ukukana kulowa. Ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga, ndipo ndinawatukwana a Wilf mawu amene sindingawabwereze pano.

Iwo anali atagwada m'mphepete kumtundako, nkhope itasuzumira pansi, akungoitana kuti Glen, Glen. Achemwali anapuma kangapo, anadzuka pogwira phewa langa, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Tsitsani theka, bambo. Madzi sathamangitsidwa."

Anatsitsa chotsekera madzi, mafunde n'kuchepa. Kuyambira pamenepo tsiku lonse anamvera ngati mwana wa sukulu. A Glenys pansi ankawauza kuti apukuse theka, adikire boti likhazikike, kenaka amalize. Kuti chitseko sakankha ndi manja koma ndi msana, zidendene zitaponda pa njerwa. Kuti madzi asanafanane mbali zonse ziwiri ngakhale abwere amuna khumi sichitseguka. Ine ndinawachonderera kuti tileke, tiitane ambulansi. Anati iwe Beryl, tola magalasi oswekawo ana asadzaponde, za ine zisiye. Maloko otsatirawo ankalowa osakhudza khoma. Zala zimene zinkalondola singano pa chikopa sizikanalephera kulondola boti.

Tinafika pamwamba dzuwa litapendeka. A Wilf atatsegula chitseko chomaliza anakhala pa chimtengo osatha kudzuka, malaya atanyowa, m'manja muli matuza ophulika. Boti likudutsa pafupi nawo anafunsa ndi mawu osatuluka bwino.

"Glen, zakhala zolemera chonchi zaka zonsezi?"

"Izi ndi zatsopano, bambo. Zakale zinkaposa apa."

Anaweramitsa mutu n'kulira pomwepo, anthu oyenda ndi agalu awo akudutsa. Ndinali nditawasungira mkwiyo zaka zambiri munthu ameneyu. Tsiku limenelo ndinawamvera chisoni, ndipo zinandinyansa kuti ndikuwamvera chisoni.

M'mawa mwake Lorraine anatsika sitima ndi ana ake, n'kupeza mayi ake atayima kumbuyo kwa boti, bambo ake akutsuka mbale zotsala. Anaima kukamwa kuli yasa. Masiku awiriwo tinayenda pakati pa minda. Ana anadyetsa abakha buledi yense wa m'boti, wamng'onoyo anagwetsera nsapato m'madzi, ndipo madzulo ankagona tulo asanamalize tchipisi. A Glenys ankawaimika pa bokosi mmodzimmodzi, kadzanja ka mwana pa chiwongolero, lawo pamwamba pake. Kamodzi a Wilf, mwa chizolowezi, anatambasula dzanja kuti alandire pa khona lina lovuta. Achemwali anangowayang'ana, iwo n'kupita kukatereka tiyi.

Pobwerera, maloko onse aja a Wilf anawatsegulanso okha. A Glenys anamwalira mu Novembala, kunyumba kwawo, pa mpando wa pafupi ndi zenera.

Alamu sanabwerekenso boti. Loweruka lililonse nyengo yotentha amakwera basi kupita pa maloko omwe aja, n'kukhala pamenepo kudikira mabanja a pa tchuthi. Ndinapita nawo tsiku lina kuti ndikaone. Boti likafika, mayi akatsika ndi chitsulo chake, iwo amapita m'mphepete n'kusuzumira kwa bambo amene ali pa chiwongoleroyo.

"Achimwene, tatsikani. Apatseni mayiwa ayendetseko."

Ambiri amaseka, amayesa ndi nthabwala za nkhalamba. A Wilf saseka. Amatembenuka, n'kuika msana wawo pa chimtengo pambali pa mayiyo, n'kuyamba kukankha.