Bwanamkubwa wa ku China m'munda mwathu

Fungo la thonje longotoledwa kumene limandibwezera ku Ngabu. Ndili kamtsikana, aphunzitsi anandisankha kuti ndikapereke maluwa kwa bwanamkubwa wa chigawo china cha ku China, amene ankadzaona alimi. Ine ndinkayembekezera chimphona chotalika ngati mlambe. Koma m'galimoto munatuluka bambo wamfupi, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, bwanamkubwayo watsala m'galimoto?" ndinafunsa mokweza, maluwa ndikuwakaniza.

Womasulira atamuuza, mlendoyo anaseka mpaka misozi. Kenako anavula jekete, n'kulowa m'munda mwathu kukatola thonje mwaliwiro lodabwitsa. Amayi anaimba nthungululu.

"Awatu ndi mlimi mnzathu!" anatero.

Ndinadzamva nditakula kuti asanatsogolere chigawo chonse, nayenso anakulira m'mizere ya thonje, wosavala nsapato ngati ine.