Mayi Kalaliki ndi Sikirini Yophethira

Pakhonde la sitolo yogulitsa penti, pafupi ndi makina a telala, pali tebulo lomwe mwendo wake umodzi anauchirikiza ndi njerwa. Eni ake ndi Mayi Kalaliki. Dzina lawo lenileni lilipo, koma amalidziwa ndi akuchipatala okha. Anatayipa makalata zaka makumi awiri ndi zisanu pakampani ya malole, mpaka tsiku lomwe abwana ena a tayi yofiira anawauza kuti masiku ano aliyense amadzitayipira yekha. Anawapatsa wotchi yapakhoma n'kuwaombera m'manja. Wotchiyo inafa chaka chisanathe. Iwo anagula laputopu yakale kwa mphunzitsi wina, n'kukhazika tebulo pakhondepo, ndipo zinadziwika kuti abwana aja ananama, chifukwa anthu osatha kudzitayipira analipo mbwee.

Amalembera anthu makalata ofunsira ntchito, odandaula, ngakhale opepesa, komanso amawadzazira mafomu a pa intaneti. Potayipa sayang'ana makina. Maso amakhala papepala la kasitomala, zala zikuthamanga zokha, monga anaphunzirira nthawi ija aphunzitsi ankaphimba manja a ophunzira ndi nsalu. Ndipo ali ndi lamulo limodzi lomwe simungaliphwanye ngakhale mutafulumira chotani: kanthu sikachoka patebulo pawo mwini wake asanakaone ndi maso ake. Ali mtsikana anaphonya nambala imodzi pakalata ya dalaivala wina, munthuyo n'kukhala masiku anayi kumalire ndi lole yodzaza katundu. Mpaka lero sanadzikhululukire.

Bambo akunyumba atamwalira, mwana wawo wachisamba anawamangira chipinda kuseri kwa nyumba yake, cha matailosi ndi bafa lamkati. Mwanayo si woipa ayi. Kungoti amachita manyazi anzake akuofesi akamadutsa pakhondepo n'kuona mayi ake akulimbana ndi fumbi. Anawanyengerera mpaka malovu kuuma mkamwa. Tsiku lina atatopa naye, Mayi Kalaliki anasisita laputopu ija n'kunena pamaso pa mpongozi wawo ndi telala:

"Tsiku lomwe makina awa adzafe, udzabwere ndi galimoto yako kudzanditenga. Lisanafike tsikulo, usandisokose."

Anayankhula modzitama, poti nthawiyo makinawo ankayenda ngati atsopano. Koma munthu amene moyo wake wonse wakhala akuuza ena kuti mawu ndi mawu sangabweze ake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba lina, akudzazira namwino wina fomu pa intaneti, sikirini inaphethira. Inada bii, n'kuyakanso. Anaganiza kuti ndi maso awo. Kwa kasitomala wachiwiri inaphethira kawiri. Kwa wachitatu inathima nthawi yokwanira munthu kumwa kapu ya madzi, ndipo tsoka lake, mpongozi anali ataima pomwepo, atabwera kudzatenga diresi kwa telala. Mpongoziyo anangopereka moni mwaulemu. Koma dzuwa lisanapendeke foni inalira.

"Amayi, ndamva kuti makina aja afa. Loweruka ndikubwera ndi galimoto."

"Wafa ndi amene wakuuzayo," anayankha Mayi Kalaliki, n'kudula foni.

Chipinda cha matailosi chija ankachiopa kuposa matenda. Ankadziona atakhala pampando wofewa kuyambira m'mawa, manja pamiyendo, kudikira kuti wina awaitane kukadya.

M'mawa mwake ananyamula laputopu kupita kwa wokonza mafoni wapakona, yemwe aliyense amamutcha Dokotala chifukwa amavala jasi loyera ngakhale kutenthe bwanji. Dokotala anafunsa kuti imathima nthawi yanji.

"Ndikakhala pa intaneti basi."

"Ndiye ndi vayirasi imeneyo, mayi. Intaneti ya masiku ano ndi dzala."

Anasesa makina onse, n'kuchotsa pulogalamu yolowera pa intaneti, kuikamo ina, kusintha izi ndi izo. Anaiyesa patebulo pake ola lathunthu, osaphethira n'kamodzi komwe. Mayi Kalaliki anabwerera akuyenda monyada. Kasitomala woyamba atangokhala, bii. Anabwereranso kwa Dokotala, ndipo ulendo uno munthu wa jasi loyera anapukusa mutu ngati wapamaliro.

"Sikirini yatha, mayi. Ya mtundu uwu simungaipeze, anasiya kupanga ine ndili kusukulu. Zinthu zikakalamba timangozipumitsa."

"Ukunena makina kapena ukunena ine?"

"Makina, mayi."

"Bweretsa kuno. Iwe udziwa kusesa basi."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi Kalaliki anakulira pa makina otayipira achitsulo, omwe chilembo chikakakamira sunkaitana munthu, unkafufuza wekha mpaka upeze pomwe pagwira. Anatembenuza kalendala yakale n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake chomwe akuchita nthawi iliyonse sikirini ikathima. Anachotsa laputopu pachaja, inathimabe. Anaiika pamthunzi kuti mwina ndi kutentha, inathimabe. Polemba makalata sinkathima, koma apa anadzigwira okha: angadziwe bwanji, poti potayipa sayang'ana n'komwe? Anaitana telala, mkulu wa magalasi okhala pansonga ya mphuno.

"A Telala, tasiyani buluku la eni akelo. Khalani apa muziyang'ana galasili, ine ndizitayipa. Likaphethira mufuule."

"Ndalembedwa ulonda tsopano? Chabwino, koma musandiuze kuti ndiwerenge, ndingadziwe zinsinsi za anthu."

Anatayipa makalata atatu. Telala anayang'anitsitsa mpaka misozi, koma sikirini inali phee. Kenako analowa pa intaneti ali okha, kutsegula masamba awa ndi awo kwa theka la ola. Sinathime. Itangofika ntchito ya kasitomala, bii.

"Makina anuwa ndi amanyazi," anatero telala. "Akaona mlendo amabisa nkhope ngati mkwatibwi."

Anthu anaseka, koma Mayi Kalaliki sanaseke. Analemba pakalendala paja: intaneti, ndi munthu.

Lachisanu kunabwera mlonda wina wachikulire, chipewa m'manja, kudzadzazitsa fomu ya penshoni. Mayi Kalaliki anadzaza zonse, ndipo atafika pa batani lotumizira anachita zomwe amachita nthawi zonse: anagwira sikirini pamwamba, kuikokera kutsogolo kuti dzuwa lisawalirepo, n'kupotoza makinawo kuti mkuluyo aone dzina lake. Bii.

Sanaisiye sikiriniyo. Anaikankhira kumbuyo pang'ono, inayaka. Anaikoka, inathima. Kukankha, kuyaka. Kukoka, kuthima. Mlonda uja ankangoyang'ana, osadziwa ngati n'koyenera kuseka.

Nkhani yonse inali imeneyo. Kalata amaisindikiza n'kupereka pepala m'manja, makina osawakhudza. Koma fomu ya pa intaneti ilibe pepala, ndiye kuti mwini wake aione ankayenera kumuweramitsira sikirini. Zaka zisanu ndi ziwiri, kangapo patsiku, kupinda ndi kupindula. Dokotala sakanazipeza, poti patebulo pake panalibe woti amuonetse kanthu.

"Ndi waya wa m'mahinjesi umenewo," anatero telala atasuzumira. "Ngakhale wa ayironi yanga umadukira popindikira. Musiye kuonetsa anthu, basi. Muzingowawerengera."

"Ndiwawerengere? Kuti mawa adzati Kalaliki anawerenga zina n'kutumiza zina? Ayi. Munthu aziona yekha."

Anaimirira, n'kunyamula benchi ya makasitomala yomwe zaka zonsezi inali kutsidya kwa tebulo, kuiika pambali pa mpando wawo.

"Bambo, zungulirani kuno. Khalani apa."

Mlonda anazengereza. Moyo wake wonse anakhala akuima kutsogolo kwa matebulo a anthu, sanakhalepo kumbuyo kwake. Anakhala m'mphepete mwa benchi, n'kutsatira zilembo ndi chala osakhudza galasi, mpaka anati inde, dzina ndi lomwelo. Fomu inapita.

Madzulo ake anapempha telala rula yake yakale yamtengo. Anaidula pawiri, n'kumangirira zidutswazo m'mbali mwa laputopu ndi timizere ta nsalu yotsala, sikirini itaima pomwe imayaka. Inaoneka ngati mwendo wothyoka womwe aumanga kuchipatala. Kutseka sinkatsekekanso.

Loweruka masana galimoto inaima kutsogolo kwa khonde. Wachisamba anatsika ndi makatoni awiri opanda kanthu. Anapeza mayi ake akudzazira fomu mzimayi wina wobereka mwana, atakhala naye phewa ndi phewa. Anadikira mpaka anamaliza, maso ali pa timitengo tija.

"Amayi, izi ndiye ziti? Anthu aziti ine sindikusamalani. Tinagwirizana."

"Tinagwirizana kuti akafa. A Telala, munalipo. Ndinati akadwala?"

"Munati akafa," anayankha telala, osadzutsa mutu pamakina ake.

"Ndiye tayang'ana. Afa?"

Sikirini inali ngwee. Mwanayo anaigwira pamwamba kuti aone bwino, ndipo mayi ake anamumenya padzanja monga ankachitira ali wamng'ono akafuna kugwira mbaula.

"Usaiweramitse! Ikawerama imathima. Uisiye choimirira."

Mwanayo anabweza makatoni aja m'galimoto.

"Chabwino. Kwerani ndikakutuleni kwanu."

"Ndi mabampu a msewu uwu? Ukufuna waya udukiretu kuti upambane? Ndiyenda."

Anapereka pulinta kwa telala kuti aisunge monga mwa masiku onse. Chikwama cha laputopu chinalibenso ntchito, anachikoleka paphewa chopanda kanthu. Makinawo anawafunditsa kansalu, n'kuwanyamula ndi manja awiri ali chitsegukire, monga munthu amanyamulira thireyi ya mazira, n'kutsika khonde pang'onopang'ono.

Anayenda pakati pa ogulitsa nsapato ndi okonza njinga, msana uli chilili, anthu akuwapatukira. Galimoto ija inkawatsatira pambuyo mwapang'onopang'ono, njinga zikuipitirira. Pofika pamphambano mwanayo anaimika galimoto pambali, n'kutsika, n'kuwathamangira.

"Bweretsani ndikunyamulireni, Amayi."

Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tayi, nsapato zonyezimira ndi zonse. Kenako anamuikira makinawo m'manja.

"Manja awiri. Ndipo ukaipinda, chipinda chako chija ukagonamo wekha."